Kodi chithunzi chokonzedwa chimanena zoona?

Usiku wa mu Epulo kapena Meyi, kagulu ka nyenyezi kotchedwa Corvus kamadutsa pafupifupi pamutu pathu. Kuseri kwake, kutali kwambiri, kuli milalang'amba iwiri, NGC 4038 ndi NGC 4039, imene ikukokana ndi kulowana. William Herschel anaitulukira mu 1785. Kukokanako kwasolola michira iwiri italiitali ya nyenyezi, n'chifukwa chake amaitcha Antennae, ngati tinyanga ta chiwala.

Pali anthu wamba, osati akatswiri, amene amaijambula ali pabwalo pa nyumba zawo. Ukasuzumira mu telesikopu yaing'ono umangoona kachifunga, michira ija osaoneka n'komwe. Tsono wojambula amatola zithunzi zambirimbiri, chilichonse cha mphindi zingapo, mwina usiku wotsatizana, n'kuzisanjikiza pa kompyuta. Kenako amawalitsa malo amdima mpaka michira ija iwonekere.

Abale ndi alongo, funso lili apa: chithunzi chosonyeza zimene diso silinaonepo, kodi si bodza?

Ine ndikuti ayi. Kuwala kuja kunafikadi pa kamera, pambuyo pa ulendo wa zaka zoposa 40 miliyoni. Wojambula sanakupeke, wangokutolera pang'onopang'ono ngati madzi a padenga. Diso lathu ndilo loperewera, chifukwa silisunga kuwala kwa nthawi yaitali.

Wojambula mchira pamene palibe, ameneyo wanama, ndipo mlandu wake ngosavuta. Povuta m'pochotsa. Setilaiti ikadutsa imasiya mzere woyera, ndipo aliyense amaufufuta popanda womudzudzula. Nanga kadontho kosakongola pambali pa mchira? Mwina ndi vuto la kamera, mwinanso ndi mlalang'amba wina wakutali zedi. Akakafufuta chifukwa choti kakuipitsa chithunzi, sanawonjezepo kanthu, komabe wasankha zimene tiyenera kuona. Timachitanso chimodzimodzi pofotokoza mkangano wa m'banja kwa ankhoswe: mawu onse oona, koma tasiya kamodzi kamene kakanasintha nkhani.

Ojambula ambiri ali ndi chizolowezi chimene ndimachilemekeza. Pansi pa chithunzi amalemba maola amene anajambula, chipangizo chimene anagwiritsa ntchito, ndi zimene anakonza. Owerenga timizere timeneti ndi ochepa, ambiri amangoyamikira mitundu n'kupitirira. Koma wina wokayika angathe kulozetsa telesikopu yake ku Corvus chaka chamawa, n'kuona ngati kadontho kaja kalipo.