Marita, Mariya ndi Foni ya M'manja: Chikhulupiriro cha Amayi a ku Kafue

Funso lakuti munthu angatumikire bwanji Mulungu pamene manja ake ali otangwanika linayamba kale mu mpingo wachikhristu, koma m'tauni ya Kafue, yomwe ili makilomita oposa 40 kumwera kwa Lusaka m'mbali mwa mtsinje wa dzina lomweli, kulemera kwa funsoli kumagwera amayi koposa. Tauniyi inakula chifukwa cha mafakitale aboma, makamaka Nitrogen Chemicals of Zambia, yopanga feteleza, yomwe inayamba ntchito mu 1970, ndi Kafue Textiles of Zambia, yoluka nsalu, ndipo nyumba za ku Kafue Estates zinamangidwira mabanja amene ankadalira malipiro a pa mwezi a bambo. Fakitale ya nsalu itatsekedwa ndipo ya feteleza itafooka, udindo wopeza ndiwo unasamukira pang'onopang'ono kwa amayi, amene lero amagulitsa nsomba, matimati ndi salaula, kutanthauza zovala zakaunjika, m'misika ya ku Shikoswe ndi Zambia Compound komanso m'mphepete mwa msewu waukulu wopita ku Chirundu ndi ku Livingstone. Ntchito ya pakhomo sinachepe pamene ya kumsika inawonjezeka. Mu 2024, chaka chimene boma linalengeza pa 29 February kuti chilala chafika pokhala ngozi ya dziko lonse, magetsi ankazima mpaka maola 20 pa tsiku, kotero kuti mayi ankadzuka pakati pa usiku magetsi akangobwera, kuti atchaje foni, asite yunifomu ya ana ndi ya kutchalitchi, kenaka n'kulawirira kukapikula katundu kusanache.

Mu moyo wopanikizika wotere ndi mmene foni ya m'manja yalowa, ndipo kuitcha mdani wa chikhulupiriro, monga alaliki ena amachitira, n'kulakwitsa. Ndi foni yomweyo imene mayi amalandirira ndalama za kasitomala, amaponyera chilimba, chomwe ndi dongosolo loti anthu angapo azisonkha ndalama n'kumapatsana mosinthana, ndiponso amamvera uthenga wa maliro pa gulu la WhatsApp la amayi a mpingo. Wailesi nayo yakhala ikulowetsa mapemphero m'makhitchini kuyambira kale, ndipo Radio Christian Voice yakhala ikuulutsa mawu kuchokera mu 1994. Vuto lenileni lili pa muyeso umene zithunzi za pa Facebook ndi TikTok, pamodzi ndi masewero a pa Zee World ndi Telemundo, zimaika m'mtima mwa wopenya: khungu loyera, tsitsi logula, nyumba ya matailosi, ndi kitchen party, phwando lopatsa mkwatibwi ziwiya ndi malangizo, limene masiku ano limakonzedwa moganizira mmene lidzaonekere pa kanema. Nthawi imene foni imadya ingathe kubwezeredwa mawa, pamene muyeso ukangokhazikika mayi amayamba kuweruza nawo moyo wake wonse, ndipo ena amafika potenga kaloba, ngongole ya chiwongoladzanja chachikulu, kapena kudzola mafuta oyeretsa khungu okhala ndi mankhwala owononga thupi, pofuna kufanana ndi chithunzi chimene mwini wake anachikonza mwadala.

Choopsa kwambiri n'chakuti muyeso womwewu umabweranso utavala chovala cha chipembedzo. Uthenga wa chuma, womwe ndi chiphunzitso chakuti chikhulupiriro cholimba chimaonekera m'ndalama, m'thanzi ndi m'banja losagwedezeka, umafalikira mosavuta pa foni, chifukwa galimoto yatsopano imajambulika pamene kupirira kwa mayi wodwazika apongozi ake sikujambulika. Wogulitsa nsomba amene wamva mneneri wa pa Facebook akunena kuti afese mbewu, ndiko kuti atumize ndalama kuti alandire mdalitso, amatsala ndi mafunso amene amayi ake sanawadziwe mwa njira iyi, pakuti umphawi umene kale unkatengedwa ngati mtanda wosenza limodzi ndi anzake tsopano ukuoneka ngati umboni wakuti sapemphera mokwanira. Chiphunzitso chotere chimasandutsa pemphero kukhala malonda, ndipo chimapweteka kwambiri iwo amene alibe chogulitsa.

Alaliki akafuna kuyankha nkhaniyi amakonda kutsegula Luka 10, pamene Marita anatangwanika ndi kuchereza alendo, m'bale wake Mariya atakhala pansi kumvetsera Yesu. Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa amene anamwalira mu 430, anaona mwa akazi awiriwa moyo wa ntchito wa dziko lino ndi moyo wa mpumulo umene ukubwera, ndipo sanatsutse ntchito ya Marita ngakhale anati gawo la Mariya ndi lokhalitsa. Meister Eckhart, wansembe wa ku Germany wa m'zaka za m'ma 1300, anapita patsogolo n'kunena kuti Marita ndiye anali wokhwima, popeza ankatha kugwira ntchito mtima wake uli wokhazikika mwa Mulungu. Kuwerenga nkhaniyi mosamala kumasonyeza kuti chimene chinadzudzulidwa mwa Marita ndi nkhawa yogawa mtima, ndiponso kuti Yesu anateteza ufulu wa mkazi wokhala pansi ngati wophunzira pa nthawi imene malo amenewo ankayesedwa a amuna. Sikoyenera, choncho, kuti mpingo uzitamanda Mariya pa guwa Lamulungu m'mawa, kenaka masana n'kuyembekezera kuti amayi omwewo aphike nsima ya msonkhano wa akulu a mpingo iwo osamvako ngakhale mawu amodzi a zokambiranazo.

Apa m'pamene nkhani imafika pakhomo pa mpingo weniweniwo. Chikhristu cha ku Kafue chili ndi mizu yakuya, kuyambira ku sukulu ya amishoni a Primitive Methodist imene lero ndi Kafue Boys Secondary School ya United Church of Zambia (UCZ), mpingo wopangidwa mu 1965, ndipo mphamvu za Chikhristuchi za tsiku ndi tsiku zili m'magulu a amayi: ovala mabulawuzi ofiira a UCZ, a Dorika ovala zabuluu a Seventh-day Adventist, a Chigwirizano a Reformed Church in Zambia, ndi mabungwe a amayi achikatolika. Iwowa ndi amene amagona pa maliro, amayendera odwala ndipo anatunga madzi ndi kusamalira mabanja pa mliri wa kolera wa 2023 ndi 2024. Magulu amenewa amapatsa mayi dzina, mawu ndi anzake olira nawo, zinthu zimene foni singapereke. Komabe zopereka zochuluka, chitenje chatsopano pa msonkhano uliwonse ndi ndandanda ya kusesa, kuphika ndi kuimba zimatha kusanduka mtolo wina pamwamba pa mitolo, ndipo zithunzi za zochitika za mpingo nazonso zalowa mu mpikisano wa pa Facebook. Isabel Apawo Phiri, katswiri wa zaumulungu wa ku Malawi, anasonyeza m'buku lake la 1997 lonena za amayi Achichewa mu mpingo wa Presbyterian kuti mpingo ungathe kudalira ntchito ya amayi kwinaku ukuwamana mpando wopangira ziganizo. Ngakhale mutu 31 wa Miyambo, umene alangizi amakonda kuwerengera mkwatibwi, umatchula kuti mkazi wotamandidwayo anali ndi adzakazi omuthandiza, ndipo umatsiriza ndi lamulo lakuti apatsidwe phindu la ntchito yake, mbali ziwiri zimene kawirikawiri zimadumphidwa.

Lamulo la Sabata monga lalembedwera mu Deuteronomo 5 limathandiza kuona amene ali ndi udindo. Lamuloli likulankhula kwa mwini nyumba, likumuuza kuti apumitse ana, antchito aamuna ndi aakazi ngakhalenso ziweto, ndipo chifukwa chake n'chakuti Aisraeli anali akapolo ku Ejipito. Mpumulo, malinga ndi lamuloli, ndi ngongole imene wamphamvu ali nayo kwa womutumikira. Kuuza mayi wotopa kuti azimitse foni ndi kudzuka m'bandakucha kuti apemphere kuli ndi phindu lake, pakuti iyenso ali ndi udindo wosankha zimene maso ake amadya, koma langizoli palokha limasiya mtolo pamutu pomwe unali.

Zambia inalengezedwa kukhala dziko lachikhristu ndi Pulezidenti Frederick Chiluba pa 29 December 1991, ndipo mawuwo analowa m'malamulo aakulu a dziko mu 1996. Kuti mawuwo akhale ndi tanthauzo kwa amayi, abusa, ansembe ndi akulu a mipingo ya ku Kafue ayenera kuwerengera maola ndi ndalama zimene amapempha kwa amayi pa mwezi, achepetse zosafunika, atsutse poyera aneneri ogulitsa madalitso, ndipo aphunzitse amuna ndi anyamata kuti kutunga madzi, kuphika ndi kudwazika matenda ndi ntchito yawonso.