Bwalo Lopanda Ndende

Mawu a lero: 2 Samueli 12:1-13, Yohane 7:50-51

Uriya ataphedwa kunkhondo mwa chiwembu cha Davide, mu Yerusalemu munalibe bwalo loti n'kuitana mfumu. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mneneri Natani analibe asilikali ngakhale ndende, koma anakalowa kunyumba yachifumu n'kuiuza mfumu tchimo lake pamaso.

Mtima womwewo ndi umene unagwira Bertrand Russell wa ku Britain mu 1966, ali ndi zaka 94. Ataona kuti palibe khoti lomwe lingazenge America mlandu pa nkhondo ya ku Vietnam, anasonkhanitsa olemba mabuku, maloya ndi anthu ena odana ndi nkhondo kuti akhale bwalo lozenga mlanduwo. Boma la France litawakaniza malo, anakakumana ku Stockholm mu 1967, kenako ku Roskilde m'dziko la Denmark, motsogozedwa ndi Jean-Paul Sartre. Kumeneko anthu a ku Vietnam, kuphatikizapo mwana, anaonetsa zipsera za moto wa napalm pathupi pawo, ndipo ena omwe anali asilikali a America anaulula mmene akaidi ankazunzidwira. Ine ndikuti Mulungu anamva kulira kumeneko, ngakhale maboma anatseka makutu.

Koma tisathamangire kuomba m'manja, abale. Oweruza ambiri pabwalopo anali atanena kale poyera kuti America ndi yolakwa mboni zisanayankhule. America inaitanidwa, inakana kubwera. Ndipo magazi omwe asilikali a mbali inayo, a Viet Cong, anakhetsa sanawerengedwe pamlanduwo. Kodi mayi amene mwana wake anaphedwa ndi a Viet Cong misozi yake inali madzi chabe? Nikodemo anadzudzula atsogoleri anzake pa chinthu chomwechi, kugamula munthu usanamumve. Woweruza wokondera amapatsa wolakwa pothawira, chifukwa wolakwayo amangoloza kukonderako, nkhani ya akufa n'kuiwalika.

Amayi omwe anasonkhana pa bwalo lina lotere ku Tokyo mu 2000 anachita bwinopo. Agogo a ku Korea, Philippines, China ndi maiko ena, omwe asilikali a Japan anawasandutsa akapolo ogona nawo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anafotokoza zomwe anabisa kwa zaka zambiri. Boma la Japan silinabwere, choncho bwalolo linapempha maloya kuti afotokoze mbali ya Japan. Pampando panakhala Gabrielle Kirk McDonald, yemwe anatsogolerapo khoti la United Nations la milandu ya ku Yugoslavia. Atamva zonse, oweruzawo anapeza Mfumu Hirohito ya Japan yolakwa, ngakhale inali itamwalira kale mu 1989, ndipo chigamulo chonse chinawerengedwa ku The Hague mu 2001.