Kuona maso a nkhono n'kudekha

Mvula ikagwa usiku ku Limphasa, m'mawa mwake nkhono zimayenda m'mbali mwa minda ya mpunga, zikusiya kanjira konyezimira. Mwana akatola imodzi n'kumaigogoda kuti itulutse mutu, iyo imangolowereratu m'chigoba. Koma akaiika patsamba n'kukhala phee, pakapita kanthawi tinyanga timatuluka pang'onopang'ono, ndipo kunsonga kwake kuli timadontho takuda. Maso aja ndi amenewo.

Ambiri amaumva mwambiwu ngati ukunena kuti khala pansi, zabwino zikupeza. Ine ndimakana. Wodikira nkhono sachotsa diso pachigoba; akangotembenuka, tinyanga tatuluka n'kubwereranso iye osaona.

Ndikamaganiza za kudekha kotereku ndimakumbuka Pulofesa Theresa Mkandawire, injiniya wa zomangamanga. Mayiwa aphunzitsa zaka zambiri ku Polytechnic ku Blantyre, sukulu imene kuyambira 2021 ikutchedwa MUBAS, ndipo adakhalapo mkulu wa nthambi yonse ya uinjiniya, ntchito imene makolo ambiri ankati ndi ya ana aamuna. Tikamva za injiniya timaganiza milatho ndi misewu ya phula. Iwo adapita pachitsime, pamene amayi anzawo amatunga madzi.

Pamodzi ndi anzawo a ku Leeds, ku England, adayeza madzi a zitsime zosazama m'maboma a Blantyre, Chiradzulu ndi Mulanje, ndipo zimene adapeza zidasindikizidwa mu 2007. Ntchito yake njosapupuluma. Utunge madzi m'kabotolo koyera, uwasefe, uike kasefako pamalo ofunda, udikire mpaka mawa kuti tizilombo tochokera m'chimbudzi tichulukane n'kuoneka ngati timadontho, ndiye uwerenge. Ubwererenso pachitsime chomwecho dzinja likafika. Pamenepo ndi pamene zidaoneka kuti zitsime zambiri, ngakhale madzi ake ali mbee, zili ndi tizilombo, makamaka nthawi ya mvula. Akadayeza kamodzi m'chilimwe n'kulemba lipoti, bwenzi atangoona chigoba.

Kenaka adayesa njere za chamwamba, mtengo umene ambiri timangoudziwa ngati ndiwo. Ukasinja njerezo n'kuthira ufa wake m'madzi a matope, ufawo umagwira tinthu ta dothi n'kutiunjika, ndipo timamira pansi limodzi ndi tizilombo tambiri. Apanso mpofunika kudikira: ukatakasa, usiye ndowa ikhale osaigwedeza. Komatu sikuti tizilombo tonse tatha. Kuwiritsa kapena kuthira klorini n'kofunikabe.

Ngakhale simenti imafuna khalidwe lomweli. Amisiri amadziwa kuti konkire imafika pa mphamvu imene adaiwerengera pakatha masiku 28, ndipo masiku oyambirira imafuna kuithirira madzi. Amene amachotsa matabwa msanga chifukwa bwana akufuna kudula riboni, ngalande yake imang'ambika mpunga usanache.

Tsono iwe mtsikana wa ku Chintheche amene masamu akukuvuta mu Fomu 2, ndipo ena akuti zisiye, n'za anyamata: funso limene lakukana lero ulitsegulenso mawa, ulionetse aphunzitsi, ukapeza mpata ulibwereze wekha madzulo. Ngalande za ku Limphasa zidzafuna wozikonza.