Tisachoke pa Likhubula Mnzathu Akadali M'phiri

Mawu otitsogolera: Ahebri 12:1-2 ndi Luka 15:3-7



Mwezi uno tiyeni tisinkhesinkhe mawu a Mulungu titaima m'tsinde mwa phiri la Mulanje. Amene munafikako mukuwadziwa malo a Likhubula, pamene pali ofesi ya zankhalango ndiponso mtsinje wa madzi ozizira wotsika kuchokera m'phirimo. M'nyengo yachisanu, kawirikawiri m'mwezi wa Julaye, pamalopa pamasonkhana khamu la anthu kudzaonerera mpikisano wothamanga wotchedwa Porters Race. Mpikisanowu unayamba m'zaka za m'ma 1990, ndipo poyamba unali wa abambo ndi anyamata amene ntchito yawo ndi kusenzera alendo katundu ndi kuwatsogolera m'phiri. Pambuyo pake anatsegulira aliyense, moti amayi ndi atsikana nawonso amathamanga, ena opanda ndi nsapato zomwe.

Njira yake ndi ya makilomita oposa 20. Amanyamuka pa Likhubula n'kukwera chitunda mpaka ku Chambe, kenaka amadutsa pamwamba pa phiri kukafika ku Lichenya, n'kutsika kubwerera pa Likhubula pomwepo. Mlendo woyenda mwachifatse amachita kugona m'njira, koma otsogola pa mpikisanowu amakhala atabwerako maola atatu asanakwane.

Wolemba kalata ya kwa Ahebri akufanizira moyo wathu wa Chikhristu ndi mpikisano wotere. Akutiuza kuti njira anatiikira kale ndi Mwini wake, ife tingotula zotilemetsa, tileke tchimo limene limatikola miyendo, ndipo tipirire maso athu ali kwa Yesu. Tiyeni tsono tiyende nawo othamangawa gawo ndi gawo, tione zimene njira ya m'phiri ingatiphunzitse.

Gawo loyamba ndi chitunda. Kuchokera pa Likhubula kukafika ku Chambe munthu amakwera mamita pafupifupi 1,000. Njira zodziwika ndi ziwiri, ya Skyline imene ndi yachikweza kwambiri, ndi ya Chapaluka imene imatsata mtsinje kudzera kufupi ndi Dziwe la Nkhalamba. Iliyonse mwa ziwirizi imafuna mpweya. Pa chitunda chotere ngakhale akatswiri amafika poleka kuthamanga n'kumayenda atagwira m'mawondo, ndipo palibe amene amawaseka. Amene amanyamuka ndi liwiro lonse pofuna kuti anthu amuombere m'manja amapezeka atakhala pamwala asanafike ndi pakati pomwe. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika.

Chimene chimawathandiza osenza katundu aja n'choti chaka chonse amakwera njira yomweyi atalemedwa ndi zikwama za eni ake. Tsiku la mpikisano amatula, ndipo thupi limapepuka. Ife amayi katundu timamudziwa. Tasenzapo nkhuni, ndowa za madzi ndi matumba a kuchigayo, mwana ali kumbuyo. Koma pali katundu wina amene sitimafuna kutula. Wina akusungabe mawu amene mlamu wake anayankhula pamaliro zaka khumi zapitazo. Wina sanagonepo tulo chiluzireni chisankho cha utsogoleri m'nthambi mwake. Amayi, chitunda n'chachitali kale, tiwonjezerenjinso miyala m'thumba?

Gawo lachiwiri ndi pamwamba pa phiri, kuchokera ku Chambe kupita ku Lichenya. Kumeneku njira imadutsa m'maudzu, m'timitsinje ndi m'nkhalango za m'zigwa, ndipo munthu amaganiza kuti zovuta zatha. Komatu n'komwe kumabwera chiperoni. Kumatha kucha bwinobwino, mwadzidzidzi nkhungu n'kuphimba paliponse, munthu osaonanso mnzake amene ali patsogolo pake. Tinjira ta otola nkhuni ndi ta ocheka matabwa timafanana ndi njira yeniyeni. Mu Julaye 2009 mnyamata wina wa ku Brazil anasiya womutsogolera n'kupitirira yekha cha ku Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirili, ya mamita 3,002. Nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka patapita milungu yoposa iwiri. Sanali wofooka kapena wosaphunzira. Anali yekha basi.

Ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino tikudziwa chimene chisanu chimachita kwa munthu amene waima malaya ake atanyowa ndi thukuta kapena mvula. Amayamba ndi kunjenjemera, kenaka lilime limalemera, nzeru zimasokonekera, ndipo pamapeto pake amangofuna kugona. Choopsa n'chakuti iye mwini sazindikira kuti ali pangozi. Amene angamupulumutse ndi mnzake womuvula zonyowazo, kumufunditsa bulangete ndi kumumwetsa tiyi wotentha wa shuga ngati akutha kumeza. Mtima wa Mkhristu umaziziranso chimodzimodzi. Amaphonya Misa kamodzi, kenaka mwezi wathunthu, ndipo mukamufunsa amati zonse zili bwino. Kali kokha n'kanyama, amayi, ali awiri ndi anthu.

Gawo lachitatu ndi mtsetse wotsikira ku Likhubula. Ambiri timaganiza kuti kutsika n'kosavuta, koma funsani aliyense amene anathamangapo m'phiri. Potsika thupi lonse limatsamira pa mawondo ndi akakolo, miyendo imakhala itatopa kale, ndipo matanthwe a m'mbali mwa mtsinje amaterera chifukwa cha ndere. Kubinya mwendo, kusupuka ndi kuthyoka kumene kumachitika kawirikawiri pamenepa, munthu akumva kale phokoso la anthu kumunsi.

Ambiri a ife amene tikuwerenga nkhani ino tili pa mtsetse. Ana tinalera, ena a ife tikulera adzukulu, ena abambo anatsogola. Anthu amatiyang'ana n'kumati amenewa anafika kale, safunanso wowayendera. Chonsecho pa msinkhu uno ndi pamene mawondo amakana kuyenda mpaka kutchalitchi, maso amachita khungu, ndipo matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi amalowa mwakachetechete. Pa msinkhu womwewu mayi amene anatumikira zaka makumi atatu amatha kugwa mphwayi chifukwa cha mawu amodzi okha a mtsikana wamng'ono pa msonkhano.

Tsopano tifike pa chimene chatikhudza kwambiri. Pa mpikisano wa m'phiri, woyamba akafika anthu amakuwa, amayi kululutira, ojambula zithunzi n'kumuzungulira. Ambiri oonerera akatero amayamba kubalalika. Koma okonza mpikisano amene ali ndi nzeru sachoka. Iwo amakhala ndi kaundula wa onse amene ananyamuka m'mawa, ndipo amachonga dzina lililonse likafika. Ngati dzuwa lapendeka dzina lina lisanachongedwe, amatuma anthu odziwa njira kubwerera m'phiri kukamufuna. Kwa iwo mpikisano umatha pamene wotsiriza watsika.

Ku chipinda cha opaleshoni tinaphunzira lamulo lofanana ndi limeneli. Tisanayambe tinkawerenga tinsalu topukutira magazi, masingano ndi zipangizo zonse. Dokotala asanatseke bala tinkawerenganso. Kakasowa kansalu kamodzi, ngakhale dokotala atatopa chotani, sitinkalola kuti asoke mpaka kapezeke, chifukwa kansalu kotsala m'mimba kamatha kupha munthu amene opaleshoni yake inayenda bwino.

Ambuye Yesu nawonso amawerenga. Mu Luka 15 akutiuza za mbusa amene anali ndi nkhosa 100. Kodi anadziwa bwanji kuti imodzi palibe? Khola la nkhosa 99 limaoneka lodzaza, ndipo wongodutsa sangaone kuti muli chosowa. Mbusayo anadziwa chifukwa anawerenga, ndipo atawerenga sanakhale pansi n'kumadandaula. Ananyamuka, anakaipeza, n'kubwera nayo ataisenza. Taonani, amayi, tinayamba ndi kutula katundu, koma pano Ambuye akutionetsa katundu mmodzi amene tiyenera kusenza mokondwa, ndiye mnzathu amene watsalira m'njira.

Tivomere kulakwa kwathu. M'nthambi ina imene tinkatumikira munali mayi wina amene sankaphonya msonkhano. Ndiye ankayambitsa nyimbo, ndipo pamaliro ankakhala woyamba kufika ndi nkhuni. Amuna awo atamwalira tinawagonera masiku atatu monga mwa mwambo, kenaka aliyense anabwerera kwawo. Mayiwo anayamba kujomba. Mlembi ankaitana dzina lawo, wina n'kuyankha kuti mwina apita kwa ana ku tauni, ife n'kupitirira ndi za ndalama. Patatha miyezi isanu tinamva kuti agonekedwa m'chipatala atafa ziwalo mbali imodzi. Titapita kukawaona, mwana wawo anatiuza kuti analeka kumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi chifukwa chosowa wowaperekeza kuchipatala, ndipo kumisonkhano ankachita manyazi kubwera popeza anali ndi ngongole ya zopereka za miyezi ingapo. Nyumba yawo inali kutsidya kwa mtsinje, ulendo wosakwana ola limodzi wapansi. Ife amene tinadziwa kuwerenga tinsalu m'chipatala tinalephera kuwerenga mlongo wathu. Mulungu atikhululukire.

Kodi m'kaundula wa nthambi yanu muli mayina angati amene mlembi amangowadumpha? Kodi amene anasiya kuvala yunifolomu munawafunsa chifukwa chake, kapena munangomva za m'maluwa n'kuweruza? Nthawi zambiri timakondwera ndi otsogola, amene amaimba bwino ndi amene amapereka zambiri pa tsiku la zokolola. Zimenezi si zoipa. Koma tikamabalalika otsogola akangofika, tikufanana ndi oonerera aja, pamene Ambuye anatiitana kuti tikhale osunga kaundula.

Choncho tikupempha nthambi iliyonse kuti mwezi uno ichite zinthu zitatu. Choyamba, pa msonkhano ukubwerawu mlembi awerenge mayina onse, ndi a amene anasiya kale omwe, ndipo dzina lililonse losowa lipatsidwe amayi awiri okaliyendera Lamulungu lisanafike. Chachiwiri, opitawo asatenge buku la ngongole. Atenge kaufa, kasopo kapena kamtolo ka nkhuni, akakhale pamphasa, akamvetsere, akapemphere nawo. Ngati ndi odwala, awafunse za mankhwala ndi tsiku lobwerera kuchipatala, apeze wowaperekeza, ndipo adziwitse abambo wansembe kuti akawapatse Mgonero kunyumba. Chachitatu, ngati n'kotheka tipite wapansi. Tinjira ta m'mbali mwa mitsinje, ta m'minda ndi ta m'zitunda za kwathu tidzatichitira ubwino ifenso, pakuti kuyenda ndawala kwa theka la ola masiku ambiri pa mlungu kumathandiza mtima ndiponso kuchepetsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Tikamabwerako ndi mnzathu tiyende pa liwiro lake, osati lathu.

Ndipo kwa inu mayi amene nkhani ino yakupezani muli kunyumba, mwina wina wachita kukuwerengerani, dziwani kuti dzina lanu silinafufutidwe. Mwina munabinya mwendo pa mtsetse, mwina nkhungu inakuphimbani, mwina ndife amene tinakukhumudwitsani. Musachite manyazi kufika mochedwa. Pa Likhubula wofika dzuwa litapendeka amakhala atayenda makilomita omwewo amene anayenda woyamba. Tikabwera kudzagogoda, chonde titsegulireni.

Tipemphere. Ambuye Yesu, Mbusa wabwino, Inu munayenda njira yonse mpaka pa Gologota osabwerera m'mbuyo. Tithandizeni kutula zotilemetsa pa chitunda, mutigwire dzanja nkhungu ikatiphimba, ndipo mulimbitse mawondo athu pa mtsetse. Tipatseni mtima wowerenga nkhosa zanu monga Inu mumawerengera, kuti tisapume mlongo wathu akadali m'phiri. Amen.

Ambuye akudalitseni inu ndi mabanja anu.