Kodi Chinthu Chimene Sitingachikonze Nchathu?

Ambiri a ife amene imvi zayamba kutituluka timakumbukira Peugeot 404. Galimotoyi inatuluka ku France m'chaka cha 1960, ndipo ku Kenya anapitiriza kuilumikiza mpaka 1991. Injini yake inalibe chinsinsi. Tikatsegula boneti tinkaona kabyuleta, mapulagi ndi lamba zili poyera, ndipo makaniko wa patsinde pa mtengo wa mango ankadziwa nthenda yake pongotchera khutu. Batire likafooka m'mawa, anyamata anayi ankaikankha pamtsetse mpaka italira, ndipo mphotho yawo inali kukwera ulere kukafika kumsika.

Tsono pambali pake tiimikepo Toyota RAV4 ya hybrid, yoyendera petulo ndi magetsi pamodzi, nzeru imene inayamba kufala ndi Toyota Prius m'chaka cha 1997. Woyendetsa akaponda mabuleki, mphamvu imene kale inkangotayika imabwerera m'batire. Pamzere wa magalimoto injini imadzizimitsa yokha, mafuta osapsa pachabe.

Tisadzinamize ndi chikumbumtima chokoma cha masiku akale. Galimoto zakalezo zinalibe matumba a mpweya otchinjiriza pangozi, ndipo zambiri tinkakwera popanda lamba wapampando. Petulo wake anali ndi mtovu umene unkaononga ubongo wa ana, ndipo dziko lonse linatsiriza kuuchotsa m'mafuta a galimoto mu 2021. Bambo amene asankha galimoto yatsopano kuti banja lake lifike lamoyo sanalakwe ngakhale pang'ono.

Komabe pali funso limene limatisowetsa mtendere. Pansi pa boneti ya hybrid pamadutsa nthambo za mtundu wa lalanje, zonyamula magetsi opitirira mavoti 200, ndipo munthu wosaphunzira akazigwira mwachisawawa angathe kufa. Ikadwala, chimene chimanena vuto lake ndi kompyuta. Ngakhale kuikankha kuti ilire sikutheka. Anyamata aja angoima chilili, manja ali m'thumba. Nanga tinganene kuti chinthu nchathu pamene tili ndi makiyi ake okha, koma nzeru yake yonse ili m'manja mwa eni fakitale kutsidya kwa nyanja?

Wina adzati sitidziwanso m'mene mankhwala a kuchipatala amapangidwira, komabe timamwa ndi kuchira. Nzoona, ndipo kukhulupirira luso la anzathu si uchitsiru. Kusiyana kwake nkwakuti kale amene tinkamudalira tinkamudziwa nkhope. Tinkapita kumaliro a kwawo, iye nkutikongoza ntchito mpaka mwezi utatha. Galimoto yakale, m'kufooka kwake konse, inkatikakamiza kusowa mnansi.

Makaniko uja adakalipo pansi pa mtengo wake, ndi masipanala amene anamulerera ana. Galimoto zatsopano zikumudutsa mwakachetechete, zina injini itazima, kulunjika kugalaja yokhala ndi makina oyezera amene iye sanawagwirepo.