Kodi Nkhalango ya Magorila ndi ya Yani?

Chaka ndi chaka alendo ochokera kutali amakwera mapiri a Virunga kapena kulowa m'nkhalango ya Bwindi kukaona magorila a m'mapiri. Amenewa ndi anyani akuluakulu opanda mchira, ndipo sapezeka kwina kulikonse koma m'chigawo chimene Rwanda, Uganda ndi Congo achita malire. Mlendo amalawira m'mamawa, nayenda m'matope motsogozedwa ndi alonda. Akalipeza banja la magorila amaloledwa kukhala nalo ola limodzi lokha. Ku Rwanda mtengo wa chilolezo cha ola limeneli unakwezedwa m'chaka cha 2017 kufika pa madola 1,500 a ku America.

Alipo ena amene amati ulendo wotere ndi wosautsa nyama, ndipo mfundo yawo si yopanda mutu. Thupi la gorila limafanana kwambiri ndi la munthu, kotero kuti chimfine chimene munthu amachira patapita masiku owerengeka chingathe kupha gorila. Komabe zaka zaonetsa kuti alendo athandiza nyamazi koposa kuzivutitsa. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, pamene Dian Fossey ankalimbana ndi otchera misampha ku Rwanda, m'mapiri a Virunga munatsala magorila pafupifupi 250. Kalembera amene zotsatira zake zinalengezedwa m'chaka cha 2018 anapeza 604 m'mapiri omwewo. Zina mwa ndalama zolipira alonda amene agwira ntchito imeneyi zachokera m'matumba a alendo.

Funso lolemera ndi la anthu. Nkhalangozi sizinali zopanda eni. Munkakhala Abatwa, amene ankasaka nyama zing'onozing'ono, kufula uchi ndi kukumba mankhwala kuyambira makedzana. Dzinali si lachilendo kwa wophunzira mbiri ya Malawi, pakuti Akafula ankatchedwanso choncho, ngakhale kuti awa ndi a dera lina. M'chaka cha 1991 boma la Uganda linasandutsa Bwindi ndi Mgahinga kukhala malo osungira nyama zakutchire, ndipo Abatwa analetsedwa kukhalamo ndi kusakamo. Popeza analibe minda yolima kapena makalata a malo, ambiri a iwo sanalandire chipukutamisozi. Anakakhala m'mphepete mwa minda ya anthu ena, nasanduka aganyu.

Oikira kumbuyo dongosololi amayankha kuti anthu oyandikana ndi nkhalango amapindula. Nzoona. Mu 2005 Rwanda inayamba kupatula magawo 5 pa 100 alionse a ndalama zochokera kwa alendo kuti zitukule midzi yozungulira, ndipo mu 2017 magawowo anakwera kufika pa 10. Uganda nayonso ili ndi lamulo logawira midzi ndalama zolowera m'malowa. Masukulu ndi zipatala zamangidwa. Koma mphatso ndi ngongole nzosiyana. Munthu amene walandidwa munda, nkumapatsidwa dengu la chimanga chochokera m'munda womwewo, angathokoze chifukwa cha njala, koma mlandu wake sunathe. Komanso sukulu yomangidwira mudzi wonse imayamba kuthandiza mwana amene kwawo kuli chakudya ndi zovala, pamene mwana wa Abatwa, yemwe makolo ake ndiwo anataya zambiri, amatsalira. Mu 2021 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko la Uganda linavomereza kuti Abatwa analakwiridwa ndi kuti ayenera kuthandizidwa. Panali patapita zaka 30.

Nanga mlendo ali ndi mlandu? Si iye anathamangitsa anthu, ndipo kukhala kwawo sikungabwezere Abatwa malo. Mu 2020, mliri wa COVID-19 utaimitsa maulendo, gorila wamphongo wotchedwa Rafiki, mtsogoleri wa banja lina ku Bwindi, anaphedwa ndi mkondo wa mlenje wosaka mozemba. Nkhalango ikasowa alendo siibwerera kwa eni ake, imangosowa oiteteza. Chimene mlendo sangathawe ndi udindo wofunsa. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma wolipira madola ochuluka chotere mawu ake amamveka ku boma kuposa a munthu wopanda malo. Iye angafunse kumene ndalama zake zikupita, ndiponso ngati Abatwa ali ndi mpando pamene za nkhalango zikukambidwa.

Ku Mgahinga kunakhazikitsidwa njira imene Abatwa amatsogolera alendo m'nkhalango. Amawaonetsa kapekesedwe ka moto, mitengo ya mankhwala, ndi phanga la Garama limene makolo awo ankabisalamo. Alendo amajambula zithunzi, nalipira. Dzuwa likapendeka mlendo amabwerera ku hotela, ndipo womutsogolera uja nayenso amatuluka, pakuti saloledwa kukhala m'nkhalango imene munabadwira agogo ake.