Khutba ya Ijumaa: Wasii Akagwa, Amana Isagwe Naye

KHUTBA YOYAMBA

Kutamandidwa konse nkwa Allah, Mwini moyo ndi imfa, amene adzatsala zonse zimene tikuzitcha zathu zitatha. Tikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Iye, ndi kuti Muhammad (swalla Allahu alayhi wasallam) ndi kapolo ndi Mtumiki Wake. Inu akapolo a Allah, tikudzilangiza tokha ndi kukulangizani inu kumuopa Allah.

Asilamu anzathu, kwatifika nkhani yofanana ndi zambiri zimene timamva kuno ku Mandimba, ku Ngauma ndi ku Cuamba. Bambo wina, mwini chigayo, adalemba wasiya nasankha mng'ono wake kukhala wasii, woyendetsa chuma chamasiye. Bamboyo atamwalira, mng'onoyo adayendetsa maliro bwino, koma asanabweze ngongole ndi kugawa mirathi adagwidwa ndi matenda ofa ziwalo, ndipo lero salankhula. Mwana wa wodwalayo adatenga makiyi ndi mapepala, nati udindo wa bambo ake wagwera iye. Papita chaka tsopano. Chigayo chikulira tsiku lonse, mayi wamasiye akukongola ufa, ana asiya sukulu, ndipo ngongole ya malemu ikadali pakhosi pawo m'manda.

Dziwani kuti uwasii si cholowa. Ndi amana imene malemu adaika m'manja mwa munthu mmodzi chifukwa cha kukhulupirika kwake. M'madh-hab a Imam Shafi, wasii akamwalira, akasokonezeka nzeru kapena akasanduka wachinyengo, udindo wake watha, ndipo sangausiyire wina pokhapokha malemu adamuloleza kutero. Ngati wangofooka, amampatsa womuthandiza. Wosankha wolowa m'malo ndi kadhi, osati amene wayamba kufika pa bokosi la mapepala.

Chitsanzo tili nacho. M'chaka cha 8 cha Hijra, potumiza gulu lankhondo ku Mu'ta, Mtumiki (swalla Allahu alayhi wasallam) adaika Zayd bin Haritha kukhala mtsogoleri, nalamula kuti akagwa atsogolere Ja'far bin Abi Talib, nayenso akagwa atsogolere Abdullah bin Rawaha. Onse atatu ataphedwa, Asilamu sadamwazikane: adagwirizana pa Khalid bin al-Walid. Nayenso Umar bin al-Khattab, polemba za munda umene adaupereka wakfu, adaika mwana wake Hafsa kuti auyang'anire, natchuliratu kuti pambuyo pake adzauyang'anire wanzeru wa m'banjamo.

Tsono wasii akalephera, banja lichite zitatu.

Choyamba, pasagulitsidwe kanthu. Alowam'malo onse, mayi wamasiye ali pomwepo, akhale pansi ndi shehe ndi mboni ziwiri, alembe katundu yense, ndalama zimene wasii adagwiritsa kale ntchito, ngongole za malemu ndi za amene malemu adawakongoza.

Chachiwiri, asankhidwe munthu wokhulupirika ndi wodziwa ntchito, ndipo atsate ndondomeko ya Shariya: zofunika pa maliro, ngongole, wasiya wosapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu, kenako mirathi monga adaigawira Allah mu Surah An-Nisaa, ndime 11 ndi 12.

Chachitatu, musalithawe boma. Mozambique ili ndi lamulo la chuma chamasiye, Lei n.º 23/2019. Wasii amatchedwa testamenteiro, ndipo wosunga chuma kufikira tsiku logawa ndi cabeça-de-casal. Tengani kalata ya imfa ku Registo Civil ndi wasiya wolembedwa, mupite nazo kwa notário kapena ku Tribunal Judicial ya boma lanu, makamaka ngati pali ana aang'ono. Zimene mwagwirizana kumzikiti zikhale ndi chidindo, kuti nyumba ndi DUAT ya malo zidzalembedwe m'maina a eni ake popanda mlandu.

Tanena mawu athu awa, ndipo tikupempha chikhululuko kwa Allah, chathu ndi chanu.

KHUTBA YACHIWIRI

Kutamandidwa nkwa Allah, mtendere ndi madalitso zipite kwa Mtumiki Wake, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Iwe amene wasunga makiyi osakhala ako, ndime 10 ya Surah An-Nisaa ikuchenjeza kuti wodya chuma cha ana amasiye mopanda chilungamo akudzaza moto m'mimba mwake. Kukhala malume kapena mwini mbumba sikukusandutsa wasii. Bweza lero lino, usanafunsidwe kumene kulibe meticais wolipira.

Inu amene muli wasii ndipo ukalamba wakupezani, maso achita mdima, kapena mukunyamuka kupita ku Joni: kutula udindo pamaso pa mboni si manyazi. Tulani mawu akadali m'kamwa ndi mawerengero akadali m'mutu.

Ndipo inu amene mukulemba wasiya, musatchule dzina limodzi lokha. Tchulani wachiwiri ndi wachitatu monga zidachitikira pa Mu'ta, ndipo akazi anu adziwe pamene pepalalo likusungidwa.

E Allah, khululukirani akufa athu, apeputsireni ngongole zawo, chiritsani odwala athu, tetezani ana amasiye, ndipo tichiteni kukhala obweza amana kwa eni ake. Ameen.

Imirirani ku Swala, Allah akuchitireni chifundo.